Denga la Apongozi

Pa komboni ya famu imene anthu amaitchulabe kuti kwa Jimu, kufupi ndi Guruve, mukafunsa za Eneresi Chisale anthu ayamba ayang'anana. Dzina limenelo lili pa chitupa basi. Ashona amawaitana Mai Shingai, pomwe okalamba ochepa amene atsala, aja makolo awo anachokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, amati Anachisale. Koma mukangoti mayi wosankha fodya uja, ngakhale wogulitsa tomato pamsewu akulozerani nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo, ya chitseko chobiriwira.

Anabadwira pomwepo. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Nyasalande ali mnyamata, nagwira ntchito m'mabalani a fodya mpaka chifuwa chinawatenga. Ku Malawi Anachisale sanapondeko. Amakudziwa ndi mayina a midzi okha, amene amayi awo ankawatchula potsuka mbale ngati akuitana ana. Analowa m'shedi yosankhira fodya ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mzungu mwini famu atachoka ndipo famu itagawidwa mapuloti, mathirakitala anapita, magetsi anazima, koma fodya sanachoke. Eni mapuloti anapeza msanga kuti kulima ndi kwina, kusankha ndi kwinanso. Ndiye chaka chilichonse, kuyambira Febuluwale mpaka Juni, amalimbirana Anachisale pa maricho, ganyu wa kuno.

Kuwaona akugwira ntchito n'kosangalatsa. Amatenga tsamba, kulitambasula pa bondo, kulipendeketsa cha ku kuwala kwa pakhomo, n'kuliponya pa mulu wake: ili la mtundu wa ndimu, ili la lalanje, ili lapsa m'balani, ili analithyola lisanakhwime. Salankhula zambiri. Wina akatsutsa amangoti, "Tsamba silinama. Liyang'aneni kumaso."

Amuna awo, a Nobert, anali woyendetsa thirakitala, ndipo anamwalira chaka chija cha njala ndi kolera. Pa ana atatu anatsala mmodzi, woyamba, Shingai. Iyeyu atakula anaona kuti pa komboni palibe chimene akudikira, nakwera basi ya ku Kepitawuni, kumene amaluka anthu tsitsi. Anachisale pasipoti alibe, ndipo ulendo wawo wautali kwambiri unali wa ku Harare kukaona mtembo wa mlamu wawo. Kwa zaka zinayi mwana wawo ankamumva mawu okha, pa kafoni kakang'ono ka mabatani. Kenaka tsiku lina kondakitala wa kombi, minibasi ya kuno, anatsika ndi kabokosi kokulunga ndi tepi, mkati muli foni yaikulu yagalasi.

Amene anawaphunzitsa kuigwiritsa ntchito ndi Margarida wa nyumba yoyandikana nayo, mayi wamtali wa mawu ngati belu, amene makolo ake anachokera ku Tete. Awiriwa ndi masahwira, monga amanenera kuno: mnzako amene amaloledwa kukunyoza pamaso pa anthu, komanso amene adzasambitse mtembo wako. Margarida ali ndi kasola padenga, choncho foni inkagona kwa iye Loweruka kuti idzuke yokhuta Lamulungu.

"Ukadina apa pali kakamera, akuona," anatero Margarida. "Ndiye usakande m'mphuno."

Tsiku loyamba, nkhope ya Shingai itatulukira pagalasi, Anachisale anafuna kuwomba m'manja kuti amulonjere, foni n'kugwera pa mphasa. Ataitola anangoti maso pagalasi. Mwana wawo anali atanenepa m'masaya. Anali ndi kachipsera katsopano pa chibwano. Akaseka ankapendeketsa mutu monga ankachitira bambo ake.

"Mhamha, lankhulani! Bandulo ikutha!" anatero Shingai, akuitana amayi ake monga amachitira Ashona.

"Ndikulankhula ndi maso," anatero Anachisale.

Kuyambira pamenepo Lamulungu linasintha. Akaweruka ku tchalitchi ankasambanso, kudzola mafuta, kumanga duku yamaluwa ija ya pa Khirisimasi, n'kusesa m'nyumba monse, ndi kuseri kwa chitseko komwe kamera sikanafikako. Netiweki m'nyumbamo imalowera pa windo limodzi la kum'mawa, ndiye ankakhala pa bedi pansi pa windolo kudikira kuti ikwane thu koloko. Shingai ankawaonetsa phiri lalitali la m'tawuni yake, firiji, mitu ya makasitomala. Iwo ankamuonetsa anapiye, dzungu loyamba, ndi chala chimene chinabayidwa ndi waya. Margarida ankasuzumira pakhomo n'kukuwa kuti, "Shingai, amako akudzola mafuta ngati akupita kukakwatiwa!"

Lamulungu lina la mwezi wa Ogasiti, Shingai anawauza kuti wakwatiwa. Anadalitsa ukwati kwa abusa komweko, anthu asanu okha, chifukwa ulendo wobwera kumudzi sukanatheka chaka chimenecho. Mwamunayo dzina lake Luis, wowotcherera zitsulo, wobadwira ku Arcturus. Anachisale anali asanameze n'komwe nkhaniyo pamene Shingai anati, "Ali pompano, akufuna akupatseni moni," ndipo galasi linagwedezeka.

Anangoona chipumi ndi kolala ya malaya abuluu. Thupi linachita lokha. Foni anaigoneka chagada pa bedi, iwo n'kutsetserekera pansi, kukhala chammbali, kukokera duku kumaso, n'kuwomba m'manja mofatsa moyang'ana khoma.

"Mwaswera bwanji, akamwini?"

"Ndaswera bwino, amayi," anayankha mawu aamuna kuchokera pa bedi. "Amayi? Ndikuona denga."

"Eya," anatero Anachisale. "Tathokoza potisungira mwana."

Kwa iwo panalibe chachilendo. Ndi mmene anakulira. A Nobert atawakwatira, amayi awo a Anachisale sanawayang'anepo kumaso mkamwini wawoyo, ngakhale ankakhala pa komboni imodzi, kutunga pa mpopi umodzi. Akamva thirakitala ikubwera panjira ankapatukira m'chimanga, mtolo wa nkhuni uli pamutu, n'kuima chofulatira mpaka fumbi litatha. Moni ankapatsana khoma lili pakati. Sikunali kudana. Ndiwo zonona zonse za m'nyumbamo zinkapita kwa a Nobert. Zinatha Shingai atabadwa: akuluakulu a kuchimuna anabwera ndi nkhuku, inaphikidwa, mpongozi ndi mkamwini anadyera pamodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankaseka ngati munthu ndi mwana wake. Shingai sanazione zimenezi, poti ndiye anali khandalo. Ndipo pamene ankakula, pa komboni panali patasakanikirana mitundu, okalamba atatha, mwambowo utatsala m'mitu ya anthu awiri kapena atatu.

Choncho Lamulungu lililonse zinkayenda chimodzimodzi. Shingai akangoti "Luis ali pano," foni inkagona chagada. Luis anayamba kulidziwa denga la apongozi ake kuposa mwini wake. Linali la malata akale asanu ndi awiri, mitanda yakuda ndi utsi, ndi chimanga chambewu chomangirira pakati.

"Amayi," anatero tsiku lina, "chimanga chija makoswe ayamba. Cha kumanzere chaguguda."

Anachisale anakweza maso. Zinali zoona.

Sabata ina anati, "Lata lachitatu kuchokera ku windo likulowetsa dzuwa. Mvula isanabwere mupeze phula."

Anachisale anamata bowolo Lolemba lomwelo, ndipo pa mjigo anauza Margarida monyadira kuti, "Mkamwini wanga ali ndi maso. Akanakhala kuno ndikanamuphunzitsa fodya." Ankamukonda munthuyo. Ankakonda mmene ankatchulira "amayi" mosathamanga, ndi kakhosomo kake asanayambe kulankhula. Atamva kuti amakonda nsinjiro, anasinja mtedza wa m'botolo lathunthu n'kupatsira wa basi. M'maganizo mwawo zonse zinali m'malo mwake.

Koma nthabwala za denga zinayamba kuchepa. Pofika Disembala Luis ankangoti "Mwaswera, amayi," n'kubweza foni. Mu Januwale sanabwerenso n'komwe. Shingai ankati wapita kuntchito, kapena wagona. Pa nthawiyi n'kuti Shingai ali woyembekezera, ndipo Lamulungu lililonse ankaimirira chammbali kuti amayi ake aone mmene mimba yakulira, iwo n'kumamulangiza zoti asanyamule ndowa, asaime pakhomo.

Lamulungu lachiwiri la Febuluwale Shingai sanaimirire. Nkhope yake inali yolimba.

"Mhamha, Luis anakulakwirani chiyani?"

"Palibe, mwanawe."

"Ndi chifukwa sitinabwere kudzapanga ukwati kumeneko?"

"Ayi."

"Ndi chifukwa makolo ake ndi a ku Moza? Ndi wakuda kwambiri? Nenani, ndimve."

"Iwe, usalankhule zopusa."

"Nanga bwanji miyezi isanu ndi umodzi simunamuyang'anepo? Galu wa a Margarida munandionetsa nkhope yake. Mwamuna wanga mumamuonetsa malata."

Anachisale anadabwa kwambiri. Zinthu zina munthu sazifotokoza, monga safotokoza chifukwa chimene amagwadira popereka madzi. Ndipo kukamba za manyazi a pakati pa iwo ndi mwamuna wa mwana wawo, kwa mwana yemweyo, kunali kochititsa manyazi kuposa manyaziwo. Anangoti, "Ndi mkamwini wanga," poganiza kuti anena zonse.

Shingai anamva ngati chitseko chatsekedwa.

"Chabwino," anatero. "Ngati nkhope yake simuifuna, yanganso muyambe mwaisiya. Tizingolankhula."

Galasi linada, n'kutsala kachithunzi kakang'ono kozungulira, ka Shingai ali pa gombe atavala magalasi a dzuwa.

Sanasiye kuimba. Lamulungu lililonse thu koloko foni inkalira, koma mawu okha, ndiponso mwachidule: mwadya, mvula ikugwa, miyendo yatupa pang'ono, tsalani bwino. Anachisale ankasambabe, kumanga duku yamaluwa, kusesa kuseri kwa chitseko, n'kukhala pansi pa windo akuyang'ana kachithunzi kosagwedezeka. Mimba inkakula iwo osaiona. Madokotala anati mwana abadwa mu Meyi. M'shedi anayamba kulakwitsa, zimene zinali zisanachitikepo: tsiku lina mwini puloti anapeza masamba atatu opsa pa mulu wa ndimu, nawayang'ana Anachisale ngati akudwala.

"Uwauze, chitsiru iwe," anatero Margarida pobwerera kunyumba, makasu a anthu ena akulira m'minda. "Pakamwa unapatsidwa pongodyera?"

"Ulemu saufotokoza, sahwira. Ukaufotokoza ndiye kuti ukupempha kuti akuthokoze."

"Ndiye ufe ndi ulemu wakowo, mdzukulu adzakuone pa chithunzi cha pamaliro."

"Zitha zokha. Mwana akabadwa, akwawo abwera ndi nkhuku."

"Nkhuku ikwera ndege?"

"Akuluakulu ake amuuza zoyenera. Munthu sakhala wopanda akuluakulu."

Margarida anangoti "Hm," n'kulavula khoko la nzimbe.

Mwezi wa Meyi utayamba, Anachisale anasiya kuisiya foni kunyumba. Ankaikulunga m'kansalu n'kuibisa pachifuwa. Lachitatu lina m'mawa, dzuwa litangofika pa khomo la shedi, inalira kulira kwake kwa vidiyo, kumene anali atakusowa miyezi itatu. Fodya anagwa pa bondo. Anathamangira pakhomo pomwe netiweki imagwira, akukonza duku ndi dzanja limodzi. Pagalasi panali dzina la Shingai. Anadina.

Chipumi chija. Dzanja linatembenuka lokha, kamera n'kuyang'ana kumwamba.

"Amayi," anatero Luis. Anakhosomola. "Denga ili ndi lina."

"Ndi la kushedi, akamwini."

"Amayi, mwana wabadwa. Wamwamuna. Shingai amuchita opaleshoni usiku, koma ali bwino, akugona. Foni ndayitsamiritsa pa kapu. Mwana ali m'manja mwangamu."

Amayi onse a m'shedi anali atasiya ntchito. Wina anayamba kanthungululu, mnzake n'kumugwira pakamwa.

"Ndikudziwa kuti ine simufuna kundiona," anapitiriza Luis. "Sindikudandaula. Koma anzanga onse m'chipinda muno akuimbira amayi awo, akuonetsa ana. Ine ndilibe wina woti ndimuonetse. Muli inu nokha."

Kenaka panamveka kakulira kakang'ono, kosasa, ngati ka mwana wa mbuzi ali kutali.

Anachisale anaima chilili, foni ili chagada m'dzanja lawo ngati mbale ya chopereka. Mdzukulu wawo anali pomwepo, pansi pa chibwano chawo. Kungoweramitsa maso basi. Koma ankaona amayi awo ataima m'chimanga chofulatira, nkhuni zili pamutu. Misozi inatsika mpaka kugwera pagalasi.

"Kukugwa mvula?" anafunsa Luis.

Margarida anatsomphola foniyo.

"Iwe mnyamata, ndiyang'ane ine, ine si mpongozi wako. Ndine Margarida. Eee, koma ndiwe wooneka bwino, mphuno yokha. Tandiuza, kwanu n'kuti?"

"Ndinabadwira ku Arcturus, pa mgodi."

"Sindikufunsa kumene unagwera. Makolo ako?"

"A ku Tete. Koma anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Ndinakulira kwa masisitere."

"Amalume? Azakhali?"

"Sindikuwadziwa, mayi."

Margarida anatembenukira kwa mnzake. "Wamva, Eneresi? Akuluakulu ake ndi masisitere. Ukudikira nkhuku kwa masisitere!" Kenaka anabwerera pagalasi, mawu atatsika. "Tamvera, mwanangu. Mayi uyu sakudana nawe. Pa mjigo tatopa nawe: mkamwini wanga waona bowo, mkamwini wanga waona khoswe. Nsinjiro zija anasinja mpaka manja kutuluka matuza. Kwa Achewa akalekale mpongozi sayang'ana mkamwini kumaso. Ndi ulemu waukulu kuposa wonse, wopatsa munthu amene wamulandira m'banja. Akanakhala kuti sakukufuna, bwenzi akukuyang'ana m'maso ngati wogulitsa mabhero a kaunjika. Zimatha mwana akabadwa, akwanu akabweretsa nkhuku. Ndiye iye wakhala akudikira nkhuku, iwe ukudikira nkhope, Shingai akufufuma pakati. Nonse atatu mitu yanu ndi maungu."

Ku Kepitawuni kunkangomveka mawilo a bedi likudutsa m'khonde la chipatala.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi," anatero Luis pang'onopang'ono, "denga lija unali ulemu?"

"Malata onse asanu ndi awiri."

Luis anaseka, kuseka kwake kosweka pakati. Kenaka anati, "Dikirani pang'ono." Panamveka kukhwekhwereza. Margarida anasuzumira pagalasi, n'kugwira pamimba, n'kutsamira chitseko.

"Amayi," anaitana Luis, mawu akumveka ngati ali m'thumba. "Yang'anani tsopano. Ine kulibe."

Margarida anawaikira foni m'manja. Anachisale anatsegula diso limodzi, kenaka lina.

Pagalasi panali munthu wamkulu wamapewa, atakhala pa mpando wa chipatala, mutu wonse ataufunda thaulo la mwana la zithunzi za abakha achikasu. Kumbuyo kwake namwino anaima ndi thireyi, akuseka mpaka kugwedezeka. Ndipo m'manja mwa munthu wopanda nkhopeyo munali kamwana kofiirira, ka tsitsi lonyowa, kakutafuna chibakera chake.

Anachisale anapendeketsa foni cha ku kuwala. Anaona makutu aang'ono opindika pamwamba, a Nobert enieni. Anaona kachibwano ka Shingai. Anawerenga zala za dzanja limene linali kunja. Kenaka maso awo anapita pa manja amene ananyamula mwanayo: manja akuluakulu, a timabala toyera ta moto wa zitsulo, limodzi litakhala bwinobwino pansi pa khosi la khanda, chala chachikulu chikusisita kuseri kwa khutu. Palibe amene anamuphunzitsa zimenezo.

"Mwamugwira bwino, akamwini," anatero.

Thaulo la abakha linagwedezera mutu.

Apa nthungululu zinaphulika m'shedi monse, mpaka mwini puloti anabwera chothamanga poganiza kuti balani yapsa. Margarida analowetsa mutu wake pakati pa Anachisale ndi galasi.

"Iwe wa m'thaulo! Za nkhuku usade nazo nkhawa. Wa ku Tete sakhala wamasiye ine ndili moyo. Kuyambira lero mayi ako ndine, ufune usafune."

Anadikira masabata awiri kuti Shingai atuluke m'chipatala ndi kupezako mphamvu. Loweruka madzulo Margarida anavala zambiya, chitenje chake chatsopano, nagwira thadzi lake lamawangamawanga limene linkaikira mazira kuposa onse, nayenda mapazi khumi a pakati pa nyumba ziwirizo ngati wachokera kutali. Anagwada pakhomo lobiriwira.

"Odi kuno! Ndatumidwa ndi mwana wanga Luis. Akuti m'nyumba mwake mwalowa mlendo, ndiye watopa kuyang'ana malata."

Anachisale anafuna kuseka, koma analandira nkhukuyo ndi manja awiri, monga anaonera amayi awo akuchitira, n'kuyankha mawu ake oyenera: "Tamva. Auzeni mawa abwere adzadye."

Lamulungu thu koloko foni inalira kulira kwa vidiyo. Anaitsamiritsa pa chitini cha shuga pawindo. Woyamba kuoneka anali Shingai, atatsamira mapilo, mwana ali pachifuwa. Anachisale ndi Shingai anayang'anana.

"Mhamha, mukanangondiuza."

"Ukanandifunsa ngati munthu, osati ngati wapolisi."

"Ndinafunsa!"

"Wawonda m'khosi. Ukumwa phala?"

Shingai anapukuta m'maso ndi kansalu ka mwana. "Dzina tikudikira inu."

"Ndi Kondwani," anatero Anachisale, osaganiza n'komwe, poti anali atalisunga kuyambira tsiku la kushedi.

Kenaka Shingai anati, "Luis ali pano," ndipo mwachizolowezi dzanja la Anachisale linanyamuka kupita pa foni. Margarida analimenya ndi chipande.

"Ukayigoneka ndikuthyola chala. Yang'ana pansi ngati ukufuna, koma foni isiye."

Anachisale anayang'ana m'mbale. Anamva mpando ukukokedwa kutsidyako, ndi kakhosomo kaja. Luis anali atagula nkhuku yake ya m'shopu, zidutswa za m'pepala, kuti nayenso akhale ndi chodya. Margarida anavundukula mbale ya kuno, natola nthutumba, imene imakhala ya mlendo wolemekezeka, n'kuifikitsa pafupi ndi kamera.

"Mwanangu, iyi ndi yako. Apongozi ako akupatsa. Waiona?"

"Ndaiona, mayi."

"Poti uli kutali, ndikudyera ine." Anaiponya m'kamwa. "Mmm. Ukuti yakoma."

Shingai anaseka mpaka kugwira pa bala la opaleshoni n'kumadandaula. Luis analuma chidutswa chake. Anachisale anatema kanyama ka pa chifuwa, natafuna pang'onopang'ono, nameza. Anasamba m'manja, n'kupukuta pa zambiya. Kenaka ananyamula foni ija ndi manja awiri, naipendeketsa cha ku kuwala kwa windo, nakweza maso.

Anali munthu wa nkhope yaitali, wakuda bii, wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Mphuno inalidi yaikulu. Pa nsidze ya kumanja panali kachipsera. Maso ake anali ofiira ndi tulo ta masabata awiri, ndipo ankaphethira kawirikawiri ngati mwana wa sukulu amene waitanidwa kutsogolo. Anachisale anamuyang'ana kuyambira pa chipumi mpaka pa chibwano, osathamanga, monga amachitira ndi tsamba limene mwini wake wavutika nalo chaka chonse. Ngakhale Margarida anasiya kutafuna.

"Akamwini," anatero potsiriza.

"Amayi."

"Tsitsi limenelo mudzameta liti?"

Luis anaseka, n'kuphimba kumaso ndi dzanja lake lalikulu la timabala, mapewa akugwedezeka.

"Chotsani dzanjalo," anatero Anachisale. "Ndadikira miyezi isanu ndi inayi."

Masiku ano Lamulungu pa nyumba ya chitseko chobiriwira pamakhala phokoso. Kondwani wayamba kukwawa, ndipo amanyambita galasi akaona duku yamaluwa. Margarida amafuna nthawi yake yolangiza mwana wake Luis za ndevu ndi za kupemphera. Shingai amadandaula kuti foni ndi yake koma amaigwira pomaliza, chifukwa Luis ndi apongozi ake akayamba kukamba za mitengo ya fodya ndi za mmene amawotcherera geti, bandulo imatha iye asananene kanthu. Ndipo asanatsanzike, Luis amakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Amayi, tandionetsaniko denga." Anachisale amaigoneka foni chagada pa bedi, iye n'kuyendera malata ake onse asanu ndi awiri, limodzilimodzi, kuona ngati phula lija likadagwira. Akatha amati, "Lili bwino. Bwererani." Ndipo iwo amaidzutsa.